Mkamwini wa ku Kazeura

Ku Dubai, m'dera la Jumeirah Lake Towers, pansi pa nyumba ina ya nsanjika makumi anayi, kuli malo odyera zakudya za ku Japan, ndipo amene amatsegula chitseko cha kukhitchini m'mawa uliwonse ndi Maurice Mwenda. Ndi bambo wamfupi, wa mapewa otambalala, imvi zangoyamba kumene kumutuluka m'mbali mwa makutu. Ntchito yake ndi nsomba. Galimoto ya firiji ikafika kuchokera ku bwalo la ndege, iye ndiye amatsegula makatoni, kununkhiza, kudina ndi chala, n'kunena kuti iyi ilowe, iyi ibwerere. Salankhulalankhula. Anzake a ku Nepal ndi ku Pakistan amamutcha Ustadi, kutanthauza katswiri, chifukwa mpeni wake sudutsa pamene palibe njira.

Mwa apo ndi apo kumabwera makasitomala a ku Japan. Akamva munthu wakuda akuwayankha m'chinenero chawo amayamba adabwa, kenako akamvetsetsa amaseka mpaka kugwira nthiti, pakuti Chijapani cha Maurice si cha m'mabuku ayi, n'cha nkhalamba za kumidzi ya asodzi, chomeza mawu.

"Munachitenga kuti chimenechi?" amafunsa.

"Kwa apongozi anga," amayankha iye, n'kubwerera pa thabwa lake lodulirapo.

Kwawo kwenikweni ndi ku Bembeke, ku Dedza, kumene ana amakula ndi kachewere ndi nkhungu. Mpaka kufika zaka makumi awiri ndi zisanu anali asanaonepo madzi oti tsidya lina osaoneka, ndipo kusambira sankakudziwa. Anali mphunzitsi wa pulayimale. M'chaka cha 2004 ku chipatala chaching'ono cha pafupi ndi sukuluyo kunabwera mtsikana wa ku Japan, Mizue Oikawa, wodzathandiza ku sikelo ya ana. Ankayenda pa njinga yamoto, akulonjera aliyense mofuula ndi Chichewa chopindika, ndipo ahedi anapempha Maurice kuti azimuwongola lilime Loweruka lililonse. Lilime linawongoka, koma Loweruka silinathe. Anakwatirana kwa DC m'chaka cha 2007.

Mizue anali mwana mmodzi yekha m'banja mwawo. Mayi ake anali atamwalira, bambo ake anatsala okha ndi boti. Maurice atapita kukauza mayi ake kuti akusamukira ku Japan, ankayembekeza misozi, koma iwo anangopitiriza kusenda nyemba.

"Nanga chachilendo n'chiyani? Mwamuna amatsata mkazi. Kungoti chikamwini chakocho chatalika. Ukafika usakakule mwendo."

Ulendo wake unali wa ndege ziwiri, sitima yothamanga ngati mphezi, kenako kasitima ka bogi imodzi kolowa m'mapiri ndi kutuluka, kulowa ndi kutuluka, mpaka Maurice anasiya kuwerenga mapangawo. Kazeura ili kumpoto chakum'mawa kwa chilumba chachikulu cha dzikolo, kumene mapiri a mikungudza amatsetsereka mpaka m'madzi, ndipo nyanja yamchere imalowa pakati pawo ngati zala za dzanja. Tauniyo inali kumapeto kwa chala chimodzi chotere. Kukamwa kwake nyanja inali yotakata, koma ikamalowa mkati inkanka nichepa ngati fanelo. Malo athyathyathya anali ochepa, oti munthu n'kuwayenda uku ndi uku asanamalize ndudu imodzi, ndipo pamenepo ndiye panathithikana zonse: nyumba za matailosi akuda, dooko, msika wa nsomba, mafakitale awiri, sukulu, ndi kamtsinje kodutsa pakati. Kachisi ndi manda okha ndiwo anali paphiri.

Tsiku loyamba, mwana wa mlimi uja anayang'ana uku ndi uku n'kufunsa mkazi wake kuti minda ili kuti. Mizue anaseka, n'kuloza pamadzi pamene panali mizere ya mipira yakuda yoyandama, yoongoka ngati mizere ya fodya.

"Munda wa abambo ndi uwo."

Apongozi akewo, a Tokuji, anali munthu wouma ngati nkhuni, wogontha khutu limodzi. Ali mnyamata anagwirapo ntchito zaka makumi awiri m'sitima zazikulu zopha nsomba za tuna, zofika mpaka ku Cape Town, choncho munthu wakuda sanali chinthu chachilendo kwa iwo. Anagwira manja a Maurice, kuwatembenuza, n'kunena mawu ochepa.

"Akuti chiyani?"

"Akuti manja a choko awa. Mawa tambala asanalire mukhale mutavala jombo."

Ulimi wawo unali wa hotate, nkhono zam'nyanja zokhala ndi zigoba ziwiri ngati timbale tovindikirana. Zikakhala zazing'ono amaziboola kabowo m'mphepete, imodziimodzi, zikwi ndi zikwi, n'kuzimangirira ku zingwe zolendewera m'madzi. Kenako kudikira zaka ziwiri, uku akuzikweza, kuzipala ndere, kuzibwezeramo. Nyengo yachisanu ikamatha ankakolola wakame, ndiwo zamasamba zomera pa zingwe m'nyanja momwemo, zimene amaziwiritsa padooko n'kuzithira mchere. Miyezi itatu yoyamba Maurice ankangosanza. Zala zinang'ambika ndi chisanu mpaka kulephera kumanga mabatani a malaya. A Tokuji sankamuyamikira, sankamunyoza. Ankangomupatsa chingwe china. Ndiye kuona maso a nkhono n'kudekha: pofika chaka chachitatu amayi a ku msika anasiya kumusuzumira pawindo, anayamba kumuitana kuti Morisu ndi kumutuma kunyamula mabokosi ngati mwana wawo.

Mbiri ya tauniyo anaimva pang'onopang'ono, akusoka maukonde m'shedi. Patsogolo pa gombelo, ankatero a Tokuji, madzi ozizira ochokera kumpoto amakumana ndi ofunda ochokera kummwera, ndipo mitsinje imatsitsa chakudya kuchokera m'nkhalango. N'chifukwa chake makolo anakakamira malo opanda dothi ngati amenewa. Koma fanelo yomwe inkasonkhanitsa nsomba inkasonkhanitsanso imfa. M'chaka cha 1896 mafunde aakulu otsatira chivomezi, amene iwo amawatcha tsunami, anapha theka la mudzi. Mu 1933 anatenga mkazi woyamba wa bambo awo a Tokuji ndi ana awiri. Mu 1960 anabwera popanda ndi chivomezi chomwe, kuchokera tsidya lina la dziko lapansi. M'mbali mwa msewu wokwera kukachisi munali mwala wolembedwa kuti pasapezeke womanga nyumba kumunsi kwa pano.

"Nanga bwanji nyumba zonse zili kumunsi?" anafunsa Maurice.

"Iwe unganyamule ukonde kukwera phiri tsiku ndi tsiku? Munthu amaopa zaka khumi. Kenako msana umapambana."

Ankanenanso za masiku a chuma, pamene sitima zazikulu zinkabwera zitalemedwa, m'tauni muli anthu zikwi zisanu ndi ziwiri, nyumba ya kanema, ndi mabala khumi ndi anayi. Kenako mayiko anatseka nyanja zawo, mafuta anakwera, sitima zinagulitsidwa, achinyamata anayamba kulowera ku Sendai ndi ku Tokyo. Pamene Maurice ankafika n'kuti mutatsala anthu zikwi zitatu, ambiri a iwo a imvi.

Komabe zinali zaka zabwino. Mizue anapeza ntchito yoyendera okalamba m'makomo, pa kagalimoto koyera. Kunyumba ankalankhula Chichewa akafuna kujeda a Tokuji iwo ali pomwepo. Mwana anali asanabwere, koma ankati nthawi ilipo.

Lachisanu pa 11 Malichi 2011, masana, Maurice ndi apongozi ake anali padooko akuwiritsa wakame pamene nthaka inayamba kugwedezeka. Zivomezi anali atazizolowera, koma ichi sichinkatha. Simenti inang'ambika, mphika unagubuduzika, mabelu ochenjeza anayamba kulira. A Tokuji anayang'ana madzi, amene anali akuthawa kusiya matope.

"Boti!"

Ndi mwambo wa asodzi a kumeneko: mafunde akamabwera umathamangira kwakuya kuti ukakumane nawo asanaimirire. Akumasula chingwe, foni ya Maurice inalira. Unali uthenga wa Mizue, m'Chichewa: "Ndikukatenga agogo awiri kumunsi. Tikumana kukachisi. Usamale abambo."

Atatuluka kukamwa kwa gombe anaona ngati phiri lakuda likuyenda. A Tokuji analozetsa boti molunjika, injini ikulira ngati ikufuna kuphulika. Anakwera, anakwera, Maurice atakumbatira chitsulo, akuitana mayi ake. Atatsikira kuseri anacheuka, koma gombe silinkaoneka. Kunkangofuka fumbi lachikasu.

Anakhala panyanja masiku awiri, chifukwa njira yobwerera inali itatsekeka ndi madenga, mafiriji, magalimoto, ndi zina zimene Maurice sanauzepo munthu. Atakocheza anapeza kuti Kazeura kulibe. Kunatsala kachisi paphiri ndi mafupa a fakitale imodzi. Kukachisiko kunali anthu mazana ambiri atafunda mabulangete. Maurice anayenda mzere ndi mzere akuyang'ana nkhope. Mizue panalibe.

Kagalimoto koyera kanapezeka patatha sabata, katapindika pansi pa mlatho, mulibe munthu. Miyezi isanu Maurice anayenda m'maholo a sukulu a matauni onse a m'mbali mwa nyanja, kumene ankagoneka mitembo, akuvundukula nsalu. Anthu a ku Kazeura oposa mazana anayi anapita tsiku limenelo. Ambiri anapezeka. Mizue ayi.

Achimwene ake anamulembera kuti abwerere ku Dedza, ntchito ya uphunzitsi ikadalipo. Paja amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Koma Maurice akayang'ana a Tokuji atakhala pakhomo la kanyumba kongoyembekezera kamene boma linawapatsa, akusoka ukonde wopanda ntchito, mwendo unkalemera. Ndiponso mumtima ankati, ndikachoka, tsiku lomwe adzamupeze adzaitana ndani? Anakhala. Mayi ake anamwalira mu 2015, uthenga unamupeza ali pamadzi, ndipo anafika ku Bembeke manda atauma kale.

Tauni inamangidwanso, ngati kumeneko n'kumanga. Anthu anawasamutsira m'nyumba zosanjikizana pamwamba pa phiri lodulidwa mutu. Kumunsi anathirako dothi, n'kumanga chikhoma cha simenti chotalika ngati nyumba ya nsanjika zinayi, kuzungulira gombe lonse. Asodzi amene ankadzuka n'kuona nyanja pawindo kuti adziwe za tsikulo, tsopano ankaona khoma. Kuseri kwa khomalo kunamera udzu, chifukwa eni mapuloti anali atafa kapena atatopa kudikira n'kupita kumizinda. Sitima sinabwererenso, m'malo mwake munabwera basi ya kanayi patsiku. Sukulu inatsekedwa itatsala ndi ana asanu ndi mmodzi. Fakitale yatsopano, yonyezimira, inkayenda ndi atsikana ochokera ku Vietnam, ndipo nawonso zaka zitatu zikakwana ankapita.

Zonsezi akanapirira. Koma mvula ikakuona litsiro sikata. Madzi a m'gombe anayamba kufunda. Nsomba zimene zinkabwera chaka ndi chaka kudzaswana mumtsinje zinasiya kubwera, m'maukonde munayamba kulowa nsomba zachilendo zakummwera zimene ngakhale a Tokuji sankadziwa dzina lake. Ndipo hotate zinayamba kufa. Maurice ankakweza chingwe chimene anachisamala zaka ziwiri, n'kupeza zigoba zili yasa, mkati mopanda kanthu, fungo lokhalokha. Chaka choyamba anati ndi tsoka. Chachiwiri anatsitsa zingwe kwakuya kufuna madzi ozizira. Chachitatu kopaletivi ya asodzi inaitanitsa msonkhano, ndipo pa mabanja makumi atatu olima hotate, khumi ndi asanu ndi atatu anaimika manja kuti basi.

Chaka chomwecho a Tokuji anagwa m'bafa, mkono wamanja unafooka. Natsuko, mwana wa mchemwali wawo, anawapezera malo kunyumba yosungirako okalamba, kumtunda, ulendo wa maola awiri. Kutatsala masiku ochepa kuti apite, anamuitana Maurice kuti akhale pansi.

"Kwanu, mkazi akamwalira, mwamuna amatani?"

"Akubanja amamusudzula. Amamuuza kuti wamasuka, akhoza kupita."

"Pakatha nthawi yaitali bwanji?"

"Chaka, mwina."

"Ndiye ine ndachedwa ndi zaka khumi. Ndakusudzula, Morisu. Boti ndagulitsa dzulo. Mwana wa mnzanga wina ndi mkulu wa khitchini ku Dubai, akufuna munthu wodziwa nsomba. Ndamuuza kuti ukubwera."

"Bambo, nanga akadzapezeka?"

A Tokuji anatembenuzira kwa iye khutu logontha lija, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Umu ndi mmene anafikira ku Dubai, m'chaka cha 2022. Amakhala ku Sports City, m'chipinda chogawana ndi Grey, mnyamata wamkulu wa ku Chipata amene amayendetsa basi yonyamula ogwira ntchito m'ndege. Grey ndi wolongolola, wa mpira ndi tchalitchi, ndipo miyezi yoyamba anayesetsa kumukokera ku mapwando a Amalawi ndi a ku Zambia ku Mirdif. Maurice anapitako kawiri. Anthu ankakamba za mapuloti amene akumanga ku Area 49 ndi ku Chalala, za ana ndi mayeso awo, ndipo akamufunsa iye kuti akumanga kuti, ankasintha nkhani. Kunyanja nako anapitako kamodzi. Anaviika dzanja, madzi ake ofunda ngati tiyi wotsala m'kapu, sanabwererekonso. Chaka choyamba ankati adzapita ku Japan pa livu. Livu itakwana anapeza kuti akuopa. Anazengereza mpaka chilolezo chake chokhalira m'dzikolo chinatha mphamvu, ndipo munthu amene anakhala kumeneko zaka khumi ndi zinayi anasanduka mlendo wofunika viza.

Tsiku lina Lachiwiri mu Okutobala, cha m'ma leveni m'mawa, ali mkati mosenda nsomba, foni inanjenjemera m'thumba la epuloni. Anali Natsuko. Sankaimba kawirikawiri, choncho Maurice anaganiza kuti ndi a Tokuji. Anatulukira kuseri, kumene amaikako mabini.

"Morisu, uli chiimire? Khala pansi. Apolisi anabwera. Mizue wapezeka."

Anakhala pa kreti ya mabotolo. Natsuko anafotokoza pang'onopang'ono. Zaka zingapo zapitazo anthu okonza gombe lina, kutali kummwera, anatola fupa la chibwano lokhala ndi mano anayi. Linasungidwa lopanda dzina. Tsopano ndi njira zatsopano zopimira analiyerekeza ndi malovu amene a Tokuji anapereka kalekale, ndipo zagwirizana.

"Chibwano chokha?"

"Chokhacho."

"Ndikubwera."

"Morisu, tamvera. Amalume sakudya. Adokotala akuti mwina sabata, mwina awiri. Ndikufuna aone mwana wawo akulowa m'manda a mayi ake iwo ali ndi moyo. Wansembe wavomera Lachinayi la sabata yamawa."

Chitseko chinatseguka, mnzake wina anasuzumira. "Ustadi, yalla, fulumirani, maoda ayamba!" Maurice anaimirira, anasamba m'manja, n'kukamaliza shifiti. Palibe anadziwa kanthu, kungoti tsiku limenelo anadzicheka chala, chinthu chimene anzakewo anali asanachionepo.

M'mawa mwake Grey anamuperekeza kukapereka mapepala a viza. Mayi wa pa kauntala anali waulemu, anamva nkhani yonse, anati ayesetsa, koma pankafunika kalata yoitanira yochokera ku Japan ndi mapepala ena a kuntchito, ndipo zonse pamodzi sizikanatheka Lachinayi lisanafike. Ali m'basi pobwerera Grey anapsa mtima m'malo mwake.

"Ba Mwenda, imbani futi. Muwauze ayembekezeko. Ndimwe mwamuna wake, si so? Zaka zonse izi munayembekeza, beve sangayembekeze sabata imodzi?"

"Ine ndadikira zaka khumi ndi zinayi, ndipo mawa ndidzadzuka. Aja mwina sadzuka. Asiye."

Lachinayi lija, ku Japan inali thu koloko masana, ku Dubai naini m'mawa. Maurice anapempha kuti alowe mochedwa. Anakhala pa benchi m'mbali mwa dziwe lokumba la pakati pa nyumba zazitali, pafupi ndi kuntchito kwake, madzi ake obiriwira osayenda. Anavala malaya oyera. Grey anali pa ofu, anabwera atavala jekete la kutchalitchi ngakhale dzuwa linali litayamba kale kuwotcha, nakhala pambali pake. Anthu ankadutsa ndi makapu a khofi, ena akuthamanga ndi agalu.

Natsuko anaimika foni pa mwala wa manda oyandikana. Maurice anaona mikungudza, masitepe a kachisi amene ankawasesa chaka chilichonse, ndi anthu asanu ndi awiri ovala zakuda, onse okalamba kupatula namwino wokankha njinga ya odwala imene anakhalapo a Tokuji. Kabokosi kanali kakang'ono, kokutidwa ndi nsalu yoyera, koti n'kusungiramo kapu imodzi. Wansembe anayamba kuimba mapemphero ake, mawu akuduka ndi mphepo. Anasuntha mwala wapansi, Natsuko anagwada, analowetsa kabokosiko. Utsi wa lubani unadutsa pagalasi la foni. Zonse sizinathe ndi mphindi makumi awiri.

Kenako Natsuko ananyamula foni n'kuiyandikiza kwa nkhalamba ija. A Tokuji anali atatha, mutu uli ngati wa mbalame m'kati mwa bulangete.

"Amalume, ndi Morisu uyu. Mukumuona?"

Maso aja anayendayenda, kenako anaima.

"Morisu."

"Ndine, bambo."

"Uli ku Africa?"

Maurice anazengereza. "Eya, bambo."

"Mizue ali nawe kumeneko?"

Natsuko anatseka pakamwa ndi dzanja. Maurice anayang'ana madzi obiriwira aja, anayang'ana Grey amene sankamva kanthu pa zimene zinkanenedwa.

"Ali kuno, bambo. Ali bwino."

"Chabwino. Umuuze asafulumire kubwera. Kuno kulibe kanthu."

Namwino anatembenuza njinga. Natsuko anatsika ndi foni mpaka pokhotera msewu, pamene tauni yonse imaonekera, n'kuizunguliza pang'onopang'ono. Udzu, misewu yatsopano yopanda galimoto, khoma. Fakitale inali yotseka, pageti atamangapo tcheni. Pamadzi, pamene kale panali mizere yosawerengeka, Maurice anawerenga isanu ndi umodzi.

"Tatsala anthu angati?"

"Akuti mazana asanu ndi anayi. Sitolo ija ya a Kanno inatsekedwa mu Ogasiti. Mkaka timakagula kutauni ina."

Foni inaduka. Grey anavula jekete n'kulipinda pamwendo.

"Khalas, zatha, ba Mwenda. Mwamuika mkazi wanu. Manje mungapite kunyumba. Ku Dedza kuli anthu anu."

"Kuli alongo anga ndi ana awo. Munda wa amayi ndi wawo, ndi mmene ziyenera kukhalira. Ine ndinapita kuchikamwini. Nditapita pa maliro a amayi, ana a mlongo wanga ankandigwadira ngati mlendo wochokera ku boma. Anandiyalira pabalaza."

"Ndiye ku Japan."

"Wamva wekha. Ayi, sunamve. Akuti kulibe kanthu."

Analowa ntchito leveni koloko.

A Tokuji anamwalira patatha masiku asanu ndi anayi. Pasipoti inabwera viza ili momo, mtembo atautentha kale monga mwa mwambo wawo. Maurice anaganiza zopita pa mwambo wokumbukira malemu pakatha masiku makumi anayi ndi asanu ndi anayi, anayang'ana ndi mitengo ya ndege yomwe, koma Natsuko anaimbanso. Anati iye ndi mwamuna wake akusamukira ku Sendai kwa mwana wawo, mawondo sakumulolanso kukwera phiri lija. Wansembe naye wakalamba, alibe womulowa m'malo, ndipo kachisi atsekedwa chaka chamawa. Manda opanda owasesa saloledwa kungokhala, choncho mafupa a banja lonse, a Tokuji, akazi awo, ndi kabokosi kaja, awafukula n'kukawasunga mumzinda, m'nyumba ina yokhala ndi timakabati tambirimbiri totsegula ndi khadi.

"Ndikutumizira khadi lako," anatero Natsuko. "Ndiwe wabanja."

"Zikomo. Ndiye Mizue wangogona miyezi ingati paphiri paja?"

"Isanu, ikakwana."

Sanapite. Atafunsidwa ndi Grey chifukwa chake, anati nyengo ya alendo yayamba, kuntchito sangamulole, koma zoona zake n'zakuti sanapemphe n'komwe. Mu Disembala manijala anabweretsa kontirakiti yatsopano ya zaka ziwiri, ndipo Maurice anasaina ataimirira, manja akununkha nsomba, osawerenga.

Khadi linafika mu Januwale, m'envulopu yokhala ndi masitampa a maluwa. Ndi lapulasitiki, lotuwa, lofanana ndi lokwerera sitima ya mumzinda. Analiika m'chikwama kuseri kwa chitupa chake cha ku Dubai, ndipo tsiku lina atatopa analigunditsa pageti la siteshoni, n'kumadabwa kuti bwanji silikutseguka, mpaka wachitetezo anabwera kudzamuonetsa kuti walakwitsa khadi.

Mwezi wotsatira Grey anatula pansi ntchito. Anali atamaliza nyumba yake ku Chipata, ndipo Hildah, mtsikana amene anamudikira zaka zisanu, anali atanena kuti chaka chino kapena basi. Loweruka masana Maurice anamuthandiza kutsitsa masutikesi atatu mpaka pamsewu. Kunali mphepo ya mchenga, nyumba zakutali zikuoneka mwa chizimezime. Takisi itafika Grey anamugwira dzanja nthawi yaitali.

"Ukwati ni mu Juni. Chipata na Dedza ni pafupi, mudala. Mubwere, mudyeko, muvineko, mukaoneko na kwanu. Muzabwera?"

"Inshallah, Mulungu akalola."

Grey anakhala ku Dubai zaka zisanu ndi zitatu, ankadziwa tanthauzo la mawu amenewo akanenedwa motsitsa choncho: kunali kukana mwaulemu. Sanaumirize. Analowa m'galimoto, anatsitsa galasi ngati akufuna kunenanso kanthu, koma woyendetsa anali atanyamuka kale.

Maurice anakwera m'chipinda. Bedi la Grey linali litayalulidwa, pakhoma patatsala misomali iwiri. Mwini nyumba anali atanena kuti wolowa m'malo afika madzulo omwewo, munthu wa ku Sri Lanka wogwira ntchito yokonza makina oziziritsa m'nyumba. Maurice anasesa pansi pa bedilo, anasuntha nsapato zake kuti mnzakeyo adzapeze malo, n'kukhala pansi kudikira kugogoda.